Maso a Kutsogolo kwa Bwato

Ine ndinabadwira ku Cuamba, kuseri kwa siteshoni, ndipo madzi amene ndinkawadziwa ndili mwana anali a m'ndowa basi. Bambo anga ankagwira ntchito ya panjanji. Chimene chinkatidzutsa m'mawa ndi kulira kwa komboyo, sitima ya panjanji ija, osati achule. Ndiye mukamva kuti ine ndinapalasa bwato kuchokera ku nyanja ya Amaramba, kutsika ndi Lugenda mpaka kumunsi kwa mapiri a ku Ngauma, musandiyese katswiri ayi. Chinandilowetsa m'bwatomo ndi ukamwini.

Nkhondo itatibalalitsa tinakapezeka ku Malawi, kumsasa wa anthu othawa kwawo. Mkazi wanga ndinamupeza komweko, pamzere wolandirira nandolo, tikukangana za amene anafika poyamba. Anali ndi bambo ake okha, mayi ake anatsikira kulichete ali panjira yothawa. Mtendere utabwera anatikweza m'malole n'kudzatitula ku Mandimba, banja lililonse ndi khasu, poto, lona wofolera ndi kathumba ka mbewu ya chimanga. Khasu anatipatsa ndithu, koma polima ndiye panalibe. Tinazika mitengo pafupi ndi msika n'kuyala lona pamwamba, ine n'kumasenza matumba a eni ake kuti tipeze cholawa. Mkazi wanga anali ndi pakati. Chinkandiwawa mumtima n'chakuti mwana wanga woyamba adzabadwira pansi pa lona, pamalo a eni, ngati kuti tikadali kumsasa kuja.

Munda unalipo, koma kutali. Kwathu kuno mwamuna amatsata mkazi, ndipo kwawo kwa mkazi wanga kunali m'mphepete mwa kamtsinje kena kamene kamatsika m'mapiri a ku Ngauma n'kukathira mu Lugenda. Mudziwo anauyambitsa ndi agogo ake aamuna, bambo a mayi ake. Nthawi ya Apwitikizi, pothawa chibalo, anakweza mkazi ndi ana m'bwato ku Amaramba, n'kutsika ndi mtsinje mpaka pamene anati apa mzungu sangafike. Nkhani ya ulendo umenewo aliyense wa m'banjamo ankaidziwa ngati pemphero. M'chilimwe agogowo ankabwerera kunyanja kukatenga nsomba zouma, ndipo pakakhala mkamwini watsopano ankamutenga kuti aone ngati ali ndi mtima. Apongozi anga anauyendapo ulendowo ali mnyamata, iwonso ali mkamwini.

Mvula inali pafupi. Nyenje zinali zitayamba kulira, ndipo anthu obwerera ankangokhala pamene apeza, akaona munda wopanda munthu n'kuyamba kusosa. Tikanachedwa, mvula ikanatipeza pamsika ndipo malo a mkazi wanga akanalowa ena. Koma msewu wa kumeneko unali usanachotsedwe mabomba okwirira pansi. Tsiku lina apongozi anangoti, "M'madzi sakwiriramo bomba. Tiyenda mmene anayendera akuluakulu." Sanandifunse ngati ndimadziwa kusambira, ndipo ine sindinanene.

Mkazi wanga amandidziwa pakamwa. Ndine munthu woti chinthu chikandinyansa ndimalavula pomwepo, moti kumsasa ankanditchula wailesi. Tikunyamuka anandikokera pambali n'kumangirira kathumba ka mbewu kumsana kwanga ndi kapulana wake, chitenje chimene ankavala. "Mbewuyi isachoke pathupi panu," anatero. "Ndipo pakamwapo mutsekepo. Bambo sawayankha, sawalangiza, sawalozera njira. Mukakawachititsa manyazi, musabwerere kuno." Ndinalonjeza. Paja amati mkamwini asamakule mwendo.

Kunyanja tinapeza msodzi wina wa Chiyao amene anali ndi bwato lakale la mbawa, lovundikira pamtunda, nkhuku zikuikira pansi pake. Anatipatsa posinthana ndi lona wa apongozi. Linali ndi ming'alu yoti n'kulowetsa chala, koma tinaimata ndi phula ndi zigamba za zitini za mafuta zimene tinabwera nazo kumsasa, n'kukhomerera ndi timisomali. Apongozi ankafuna zonse zichitike monga zinkachitikira kale. Padooko anathira ufa patsinde pa mtengo, n'kuyankhula motsitsa ndi akuluakulu aja. Kenaka anandipatsa nkhafi n'kundiuza kuti ndikhale kutsogolo. Iwo anakhala kumbuyo, kowongolera.

Poyamba ndinkangolimbana nayo nkhafiyo. Ndikapalasa, madzi ankathera pa ine ndi pa apongozi, bwato n'kumazungulira ngati galu wofuna pogona. Iwo sanandidzudzule. "Pang'onopang'ono, akamwini," ankatero. "Madzi sawamenya, amawakankha." Pochoka m'nyanja kulowa mumtsinje tinapeza njira itatsekeka ndi bango ndi gumbwa. Kale, akuti, bwato lililonse lodutsa linkadulako pang'ono, mvuu nazo zinkatsegula makwalala awo. Tsopano anthu anali atathawa, mvuu zambiri zitadyedwa ndi asilikali. Tinatsikira m'madzi ofika m'chiuno, ine patsogolo ndi katana, chikwanje chachitali chija, kudula ndi kukoka, kudula ndi kukoka. Misundu inandikwera mpaka malo osatchula pamaso pa apongozi, ndipo ndinakaichotsera kuseri kwa bango, ndikutukwana chamumtima.

Pakudya tinkatsata mwambo. Ine ndinkaphika n'kuwapakulira m'mbale, ndekha n'kukadyera mupoto kuseri kwa chitsamba, nditawafulatira. Mawu amene tinkayankhulana tsiku lonse anali oti n'kukwana m'chikhato. Komabe ndisaname, mtsinjewo unayamba kundikoma. Matuza a m'manja ataphulika n'kuuma, ndinayamba kumva bwato likundimvera. M'mawa madzi ankakhala bata, akakowa akuuluka patsogolo pathu, ndipo tinkadutsa mabwinja a midzi kumene mapapaya ankapsa okha popanda wothyola. Ndinkadziuza kuti mwana wa kusiteshoni wafika patali.

Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti tinkagunda zitsa kawirikawiri. Chitsa chili poyera, ine ndikuchiona chikubwera, bwato n'kupita nacho mutu, gu. Kunena sindikanatha. Ungamuuze bwanji munthu amene anayenda mtsinje uno iwe usanabadwe kuti akhotere kumanja? Ndiye ndinapeza nzeru yangayanga. Ndikaona chitsa ndinkatsokomola, chikakhala chachikulu n'kutsokomola mwamphamvu. Apongozi anapirira tsiku lonse, ndipo titaima anatulutsa kamuzu m'thumba mwawo. "Tafunani aka, akamwini. Chifuwa chimenecho chisakalowe m'mapapo." Ndinatafuna. Kanali kowawa ngati ndulu, ndipo ndinathokoza ndi manja awiri.

Panali zinanso zimene ndinkaziona koma osazimvetsa. Ankakonda kuviika dzanja m'madzi, atapendeketsa mutu ngati akumvetsera. Ndikawaikira mbale ankayamba aipapasa. Malo ogona ankafuna omwewo amene akuluakulu ankagona, koma m'malo moloza ankangoti, "Pamchenga woyera paja payenera kuti payandikira," ine n'kuvomera kuti inde, ndi apo. Ndinkati ndi machitidwe a anthu a kumadzi.

Tisananyamuke anali atandiuza chizindikiro. Kamtsinje kathu kamathira kudzanja lamanzere, pamene pali mkuyu waukulu wopendamira m'madzi, ndi mwala wosalala pansi pake. Tsiku lina, dzuwa lili pamutu, ndinauona mkuyuwo, mwala womwewo, ndi madzi oyera akulowa m'madzi ofiirira. Ndinasiya kupalasa, kudikira kuti bwato likhote. Silinakhote. Ndinatsokomola mpaka misozi. Tinaudutsa mkuyu uja ine ndikuucheukira, ndikudziuza kuti mwina mikuyu yotere ilipo yambiri, eni mtsinje akudziwa.

Sipanapite nthawi, ndinamva mkokomo kutsogolo. Madzi anayamba kuthamanga, bwato n'kumapita lokha, ndipo ndinaona miyala yakuda itadutsa mtsinje wonse, thovu lili mbuu. Apongozi nawo anaumva mkokomowo, chifukwa anafunsa, "Kodi kumeneko n'chiyani?" Ine, posunga ulemu, ndinayankha kuti, "Kaya, bambo, odziwa ndinu." Ndiye tinagunda.

Ndinapezeka pansi pa madzi, ndikumwa osafuna. Ndinaganiza za mkazi wanga, kuti adzamva kwa yani. Kenaka bondo linagunda mwala, ndinaukumbatira n'kutulutsa mutu. Madzi anali ofika pachifuwa chabe, koma amphamvu zedi. Poto, mbale, ufa ndi nkhafi yanga ndinaziona zikupita. Bwato linali litavundikira, litapanikizika pakati pa miyala. Apongozi anali ataligwira ndi dzanja limodzi, akutembenuza mutu uku ndi uku. "Akamwini, muli kuti?" Ndinali pafupi nawo poti akanatha kundikhudza ndi nkhafi, dzuwa likuswa mtengo, koma iwo ankayang'ana kwina.

Pamenepo lonjezo langa linapita limodzi ndi poto. "Kodi bambo, simukuona? Miyala yonseyi simunaione? Mkuyu tausiya kumbuyo uko, mwala wanu womwewo, ine kutsokomola mpaka kukhosi kuchita zilonda! Mukufuna mwana wanu akhale wamasiye mimba ili apo?" Ndinanena zambiri, zina sindingazilembe.

Anadikira mpaka mpweya utandithera. Kenaka anati, "Sindikuona."

Ndinawagwira dzanja, tinakwawa mwala ndi mwala mpaka kumtunda. Pathanthwe lotentha ndinamasula kapulana uja n'kuyanika mbewu. Apongozi anakhala pafupi nane, pafupi kuposa mmene anakhalirapo chikwatire ine mwana wawo. Anati maso anayamba kuchita nkhungu tili kumsasa. Munthu ankamuona ngati chithunzithunzi, chitsa osachiona n'komwe. Mwana wawo sanamuuze poopa kuti angawaletse ulendo, ndipo popanda iwo panalibe wina wodziwa njira.

"Tsiku limene apongozi anga anandikweza bwato," anatero, "anandiuza padooko pomwe kuti m'bwato mulibe upongozi. Wakumbuyo ndi mikono, wakutsogolo ndi maso. Ndinkawakalipira ngati mwana, iwo n'kumamvera. Mawu amenewo ndinayenera kukuuzani pothira ufa paja. Koma ndinati mukayamba kundiuza njira mudzazindikira, ndiye mudzati mwakwatira kwa nkhalamba yakhungu."

"Ndiye kutsokomola konse kuja mumati n'chifuwa?" ndinafunsa.

"Ndimati n'chifuwa. Muzu wanga wangopita pachabe."

Tinaseka mpaka ine ndinagona pathanthwepo. Amati manyazi anapha lambe, ndipo ife anatsala pang'ono kutipha awiri, wina akuopa kunena kuti sakuona, wina akuopa kunena zimene akuona. Za makolo zonse tinazitsata, ufa, dooko, malo ogona, koma chimene chinkayendetsa bwato lawo ndiye tinachisiya kumtunda. Ndinawamvera chisoni mkuluyo, ndipo ndinawakonda tsiku limenelo kuposa kale lonse.

Bwato tinalitembenuza movutikira. Chigamba chimodzi chinali chitachoka, ndipo tinatsekapo ndi mkono wa malaya anga ndi utomoni. Mwamwayi katana ndinali nditamangirira m'bwatomo, ndiye ndinasema nkhafi ina, yokhota ngati mwendo wa galu, koma inagwira ntchito. Kubwerera kumkuyu kunali kolimbana ndi madzi. Ine ndinkakoka ndi chingwe cha luzi ndili m'mphepete, iwo akukankha ndi nsungwi. Ufa panalibe. Tinadya nkhuyu ndi mapapaya a m'mabwinja, ndipo popeza mbale inali itapita tinkadyera patsamba limodzi. Njala inaluma ndithu, koma mtima unali utapepuka.

Wailesi nayo inatseguka. "Kumanja, bambo. Ayi, mwanyanya. Bwezani pang'ono. Imani kaye, pali chitsa." Ankamvera ngati mwana wasukulu, nthawi zina n'kuti, "Kwezani mawu, akamwini, makutuwa nawo ndi akale." Iwo ankandiuza zimene madzi akunena pansi, pozama ndi posaya, ine n'kumawauza za pamwamba. Kuyambira pamenepo sitinagundenso kanthu, kupatula kamodzi pamene ndinasokoneza ndekha lamanja ndi lamanzere, ndipo anandiseka mpaka madzulo.

Kamtsinje kathu kanali kopapatiza, nthambi zikukumana pamwamba, moti malo ena tinkachita kugona m'bwato kuti tidutse. Tikuyandikira, apongozi anakweza mphuno. "Utsi," anatero. Ndinayang'ana, unalidi utsi, ukukwera kuseri kwa mitengo ya mango. Ulendo wonse uja, misundu yonse ija, ndiye tipeze ena atakhala kale.

Tinakokera bwato padooko. Apongozi anasanjika dzanja paphewa panga n'kufunsa, "Mukuona chiyani?" Ndinawauza. Mango atakula mpaka nthambi kulukana, nsungwi kumanzere, zipupa zogumuka zitamera udzu, ndi kanyumba katsopano pambali pake. M'dimba munali mbande za fodya zothiriridwa bwino.

"Pansi pa mango wamkulu pali mphero?"

Inalipo, yokumbika pakati, itadzaza masamba.

"Ndi ya apongozi anga aakazi," anatero. "Tafika."

M'kanyumbamo munatuluka mayi wina wa kolona m'khosi, mwamuna wake akumutsata. Anali akhristu a cha ku Massangulo, amene anathawira kumeneko nkhondo itavuta kumsewu ndipo sanachokenso. Ine magazi anali atatentha kale, mawu ali pamlomo, koma dzanja lija linafinya phewa langa. "Pamtunda pano upongozi wabwerera," anandinong'oneza. "Khalani chete." Anapereka moni, anafotokoza kuti ndife a mbumba iti, kenaka anafunsa za kumanda. Mayiyo anatitsogolera. Tinapeza manda onse olambulidwa bwino.

"Sitinkawadziwa anthuwa," anatero mayiyo, "koma tinkadya mango awo. Tinkati eni ake akadzabwera asadzapeze tchire."

Anakambirana mpaka dzuwa kupendeka, ine ndili duu. Munda wakumtunda, umene unali utamera tsekera, unabwerera kwa mkazi wanga wonse. Dimba anati tidzagawane akakolola fodya, ndipo kunena zoona mbali yonyowa bwino inatsalira iwo mpaka lero. Ndikakwiya ndimawakumbutsabe, iwo n'kumangoseka. Koma anatipatsa ufa tsiku lomwelo, ndipo anatisonyeza kanjira ka miyendo kamene ankapitira kutchalitchi ku Massangulo, kopanda bomba. Ndi kanjira kameneko ndinakatenga mkazi wanga pa njinga yobwereka, iye atakwera, ine ndikukankha. Atamva za maso a bambo ake analira. Nditamuuza kuti ndinawakalipira pakati pa mtsinje, anangoti, "Mukanayamba msanga."

Mvula yoyamba inatipeza titasosa theka la munda. Mbewu ya kumsana ija inamera, osati yonse, koma yokwanira. Bwato silinayendenso ulendo wautali. Tinkangoolokera nalo, ndipo litatoboka kwambiri linakhala modyera nkhumba. Anyamata a masiku ano amapita ku Mandimba pa njinga yamoto m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanalowe, ndiye ndikawauza za ulendowu amati ndikuwonjezera. Ndimawasiya. Ine ndinaphunzira kuti bango amadula, njala amapirira, bwato amamata, koma kukhala chete pamene ukuona mwala kulibe mankhwala.

Mwana anabadwa chimanga chikumasula ngayaye, m'nyumba ya dothi imene tinamanga pafupi ndi mphero ija, pamalo a mayi ake. Atatuluka m'chikuta anamubweretsa kwa agogo ake pakhonde. Nthawi imeneyo maso awo anali atatheratu. Anamulandira, anamupapasa kamutu ndi timakutu, mwanayo akulira moti nkhuku zinathawa pabwalo. Kenaka anatembenukira kumene ndinaima.

"Akamwini, mukuona chiyani?"

Ndinagwada pafupi nawo n'kuyamba kuwauza, kuyambira pachipumi. Chipumi ndi cha mayi ake, ndinatero, mphuno ndi yanu, bambo.

"Nanga pakamwa?"

"Pakamwa ndi panga."

Anamukweza pang'ono, akumvetsera kulirako. "Chabwino," anatero. "Ameneyu adzakhala kutsogolo."